Marozi a ku Regent's Park: musalipire munthu aliyense

Munda wa marozi wa Queen Mary's Gardens, mkati mwa Regent's Park ku London, kulowa kwake ndi ulere. Palibe tikiti, palibe mlonda wofunsa risiti pageti. Koma ife ndalama zinatuluka. Mlamu wanga, pofuna kusangalatsa amayi amene abwera kudzationa kuchokera ku Dedza, anapeza tsamba lina pa intaneti logulitsa "ulendo wa m'munda wa mfumukazi", mapaundi 18 munthu mmodzi. Akuti wotiperekeza tikampeza pageti atanyamula ambulera yofiira. Tinaima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi, foni yake ikungoitana, anthu akungolowa ndi ana awo. Amayi anafunsa, "Kodi anzathuwa akulipira pati?" Mlamu anangoti kakasi. Mpaka lero tikutumizirana maimelo ndi eni tsambalo, iwo akuti nkhani yathu akuiona. Akuiona ndi maso ati?

Za mayendedwe, tsikirani pa siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya Baker Street. Pakiyi ndi yaikulu, mahekitala oposa 160, ndiye mukatsikira ku Camden Town mudzatulukira kumpoto, kufupi ndi London Zoo, n'kuyamba ulendo wina wapansi. Kuchokera pa Baker Street tsatirani Marylebone Road, mudutse mzere wa anthu a pa Madame Tussauds (nyumba yoonetsera ziboliboli za anthu otchuka), mukhotere kumanzere pa York Gate, muwoloke kamlatho. Kutsogolo mudzaona zipata zakuda zokongoletsedwa ndi golide, za m'chaka cha 1935. Mwafika. Lowani basi, osayang'ana wa ambulera.

M'katimo mkwiyo unayamba kutsika. Muli mitengo ya marozi pafupifupi 12,000, m'mabedi 85, bedi lililonse mtundu umodzi ndi kachikwangwani ka dzina lake. Mundawu unatsegulidwa mu 1932, dzinalo ndi la Mfumukazi Mary, mkazi wa Mfumu George V. Pali malo ena ozungulira pomwe marozi oyanga akwera mizati n'kutsata zingwe zokoka kuchoka pa mzati uwu kufika pa winawo, pansi pake mabenchi. Amayi sanalabadire mainawo. Anawerama n'kufukula pang'ono patsinde ndi chala, kuona zinyalala zowolerana zomwe aphimbira nthaka, kenaka anayamba kununkhiza duwa lililonse. Ena okongola kwambiri analibe fungo, ndipo amenewo amayi anawatcha achabechabe. Anafuna kudula kanthambi koti akaoke kumudzi, tinachita kuwagwira dzanja. Kuthyola n'koletsedwa, agalunso saloledwa m'mundamu.

Ndaiwala nkhani ya nyengo, yomwe ndi yofunika kuposa zonse kupatula ya tikiti ija. Pitani kumayambiriro kwa Juni, masabata awiri oyambirira, ndi pamene mabedi onse amakhala atachita maluwa. Mukapita mu Epulo mudzapeza masamba ndi minga.

Zimbudzi za m'paki ndi zolipira, choncho khadi ya kubanki isatsale m'chikwama cha munthu wina. Imeneyo ndiyo ndalama yokhayo yoyenera kutuluka. Wina akakutumizirani linki ya matikiti a mundawu pa WhatsApp, ingofufutani. Chakudya nyamulani kunyumba. Ife mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki zinatikwanira. Ndipo ngati shifiti ikulolani, pitani pakati pa sabata m'mawa, chifukwa Loweruka masana benchi yoti akhalepo munthu wamkulu imachita kusowa.