Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ulendo wa ku Cooper Creek

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinakhazikikira mumzinda wa Adelaide, ndiponso mmene ntchito ya unamwino inandipanikizira moti dziko la Australia limene ndinkalidziwa linali msewu wochokera kunyumba kupita kuchipatala basi. M'mwezi wa July chaka cha 2012, mnzanga wina wa kuntchito ndi amuna ake anandipempha kuti nditsagane nawo kumpoto, kumtsinje wotchedwa Cooper Creek, ndipo ndinavomera mosazengereza.

Kuchokera ku Adelaide kukafika ku Innamincka, kamudzi kamene kali m'mbali mwa mtsinjewu, ndi mtunda wopitirira makilomita 1,000. Panthawiyo msewu wa phula unkathera pa Lyndhurst, ndipo kuyambira pamenepo tinalowa mumsewu wafumbi wotchedwa Strzelecki Track, wotalika pafupifupi makilomita 470, umene pakati pake panalibe malo ogulitsira mafuta. Tinanyamula zigubu za madzi ndi za dizilo, matayala apadera ndi mahema. Dziko lake ndi lathyathyathya, la timiyala tofiira ndi milu ya mchenga, ndipo munthu umayenda maola ambiri osaona nyumba, osaona munda, osaona ngakhale mwana woweta mbuzi. Chokhacho chosonyeza kuti kuli anthu chinali malawi a moto a ku Moomba, kumene amakumba gasi n'kumutumiza m'mapaipi ku Adelaide ndi ku Sydney.

Mtsinjewo tinayamba kuuzindikira ndi mitengo. Titatopa ndi kuona zitsamba zouma, tinaona mzere wobiriwira wa mitengo ikuluikulu ya bulugama, ndipo kuseri kwake kunali madzi otuwa, oyenda mwakachetechete. Tinamanga mahema pa dziwe la Cullyamurra, limene anthu akumeneko amati siliphwa ngakhale chilala chikule bwanji. Pamadzipo pankayandama mavuwo, ndipo madzulo mbalame zoyera zamtundu wa zinkhwe zinkadzaza mitengo ndi phokoso logonthetsa m'khutu. Masana ntchentche zinkatilondola m'maso, koma usiku kunkazizira mpaka zala kuuma.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti madzi onsewo sanali a mvula ya pamalopo, pakuti ku Innamincka mvula ya chaka chonse nthawi zambiri siikwana mamilimita 200. Madziwo amachokera kutali ku Queensland, kumene mitsinje ya Thomson ndi Barcoo imakumana pafupi ndi Windorah, ndipo amayenda pang'onopang'ono kwa miyezi, akumwazikana m'timakwawa tosawerengeka, ena akulowa mumchenga, ena akuuma ndi dzuwa. Zaka zambiri amathera panjira. Mu 2010 ndi pamene anakafika kunyanja yamchere ya Kati Thanda-Lake Eyre koyamba chichokere mu 1990, choncho ife tinaupeza mtsinjewo udakali ndi moyo wa zaka zamvulazo.

Amuna a mnzangayo ankafunitsitsa kuti tikaone mtengo wotchuka wa Dig Tree, umene uli kutsidya kwa malire, m'chigawo cha Queensland. Nkhani yake mwana aliyense wa sukulu ku Australia amaidziwa. Mu August 1860, Robert O'Hara Burke ndi William John Wills ananyamuka ku Melbourne ndi ngamira ndi akavalo kuti adutse dziko lonselo kuchokera kumwera mpaka kumpoto. Atafika ku Cooper Creek anasiya anzawo ena pamsasa motsogozedwa ndi William Brahe, ndipo anthu anayi okha ndiwo anapitirira. Otsalawo anadikira miyezi inayi. Pa 21 April 1861 anakwirira chakudya patsinde pa mtengowo, n'kulemba pakhungwa mawu ouza obwera kuti akumbe, kenaka ananyamuka. Madzulo a tsiku lomwelo Burke, Wills ndi John King anafika pobwerera kuchokera kumpoto ali ofooka, mnzawo Charles Gray atafera panjira, ndipo anapeza msasa uli wopanda munthu.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amadandaula za maola ochepa amene anasemphanawo, koma ine chimene chinandipweteka mtima ndi zimene zinachitika pambuyo pake. M'mbali mwa mtsinjewo munkakhala anthu a mtundu wa Yandruwandha, eni nthaka, amene anakhalamo mibadwomibadwo akudya nsomba, nkhono za m'madzi ndi mbewu za kachomera kotchedwa nardoo. Iwowa anawachitira chifundo alendowo, anawapatsa nsomba ndi timikate ta nardoo. Koma Burke sankawakhulupirira, ndipo tsiku lina anawombera mfuti powaopseza, iwo n'kusamuka. Alendowo anayamba kutola okha mbewuzo n'kumazipera, osadziwa kakonzedwe kake konse. Wills analemba kuti ankadya n'kukhuta, koma mphamvu zinkangotha. Akatswiri ambiri masiku ano amakhulupirira kuti nardoo wosakonzedwa bwino amawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo monga namwino ndikudziwa mmene kusowa kwa vitamini ameneyu kumafooketsera miyendo ndi mtima. Chakumapeto kwa June 1861, Burke ndi Wills anamwalira madzi ali pambali pawo, chakudya chili m'manja mwawo.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira mayi anga kwathu ku Nkhotakota akuviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanachiyanike kuti apange ufa wa kondowole. Mlendo amene angazule chinangwa chimenecho n'kuchidya osafunsa eni mudzi akhoza kufa, pamene ana a m'mudzimo akukula nacho athanzi. Nzeru yotereyi siinalembedwe m'buku, imakhala m'manja mwa amayi, ndipo munthu amaipeza pokhapokha atadzichepetsa n'kukhala pansi pafupi nawo. John King anachita zimenezo. Anatsatira a Yandruwandha, iwo anamulandira, kumudyetsa ndi kumusamalira kufikira pamene gulu la Alfred Howitt linamupeza ali moyo mu September 1861.

Tinapitanso pamalo pamene Burke anafera, pafupi ndi Innamincka. Mafupa ake ndi a Wills anatengedwa kupita ku Melbourne, kumene anaikidwa mwaulemu waukulu mu January 1863, ndipo mumzindawo anawaimikira chipilala. Sindikunyoza kulimba mtima kwawo, pakuti mtunda umene anayenda ine unanditopetsa ndili pagalimoto. Koma zinandivuta kuvomereza kuti maina a amene anafa amadziwika paliponse, pamene anthu amene anapulumutsa moyo wa munthu amatchulidwa mongodutsa. Kumtunda kwa dziwe la Cullyamurra kuli miyala imene makolo awo anajambulapo zizindikiro mozokota, ndipo ndinapempha anzangawo kuti tiyende wapansi mpaka kumeneko, ngakhale kuti ulendowo sunali m'ndondomeko yathu.

Patapita zaka zitatu, mu December 2015, ndili pantchito ku Adelaide, ndinamva kuti khoti la Federal Court la dzikolo lakhala pa dziwe lomwelo la Cullyamurra n'kuvomereza mwalamulo kuti a Yandruwandha ndi anansi awo a Yawarrawarrka ali ndi ufulu wa makolo awo pa nthaka imeneyo. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo wobwerera, ndi uthenga wochokera kumudzi umene ndinaupeza pafoni titangofika pamene panali netiweki.