Kabowo ka m'thanki kamene kanandidyera masabata atatu

Dzulo kandege kanga kanauluka mpaka thanki kutsala pang'ono kuuma, injini osatsokomola ngakhale kamodzi. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe, chifukwa chimene chinandizunza masabata atatu chinali kang'alu kakang'ono pa kapaipi ka m'kati mwa thanki, koti ndikanakapeza tsiku loyamba lomwelo ndikanatsegula maso.

Injini yake ndi ya glow, ya two-stroke, saizi .46, yomwe ndi pafupifupi 7.5cc, pulopela 11x6, mafuta a nitro 10 peresenti. Pansi inkalira bwino zedi. Ikanyamuka, mphindi zinayi zoyamba zonse zili myaa, kenako kaliridwe kusintha, kukhala kowonda ndi kouma, utsi kumbuyo kuchepa, basi zii. Katatu konse ndinatera injini itazima, ndipo ulendo wachitatu miyendo ya mawilo inapindika.

Ndinayambira pa pulagi, monga timachitira tonse. Kawaya ka m'kati mwake kali ndi platinum, ndipo batire ya mavoti 1.2 ija ntchito yake ndi kukafiiritsa poyamba basi. Injini ikadzuka, methanol wa m'mafuta akamakhudza kawayako pamodzi ndi kutentha kwa m'silinda ndi zimene zimakasunga kali psuu. Nchifukwa chake mukachotsa batire n'kumva liwiro latsika kwambiri, mudziwe kuti pulagi yatopa kapena mafuta achuluka. Yanga sinkasintha n'komwe, koma ndinasinthabe pulagi kawiri, zabwinobwino n'kuziponya m'bokosi.

Kenako ndinagwera pa singano ya mafuta. Kaliridwe kowonda kaja kamatanthauza kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, ndiye ndinkatsegula singano yaikulu pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Zotsatira zake, ponyamuka injini inkabwebweta, mafuta osapsa ali mbwee pa phiko, mphamvu palibe, koma zikakwana mphindi zinayi zija inkazimabe. Apa ndiye ndinayenera kuima n'kudzifunsa kuti ndi chiyani chimasintha pa mphindi yachinayi. Singano siyenda yokha, pulagi ndi yomweyo. Chimene chimasintha ndi mulingo wa mafuta m'thanki. Anzanga, injini ikamazima pa nthawi yofanana ulendo uliwonse, siyani singano, tsegulani thanki.

Tsiku limene limandiwawa ndi Loweruka lachiwiri. Bambo wina amene anayamba kuulutsa kale, munthu woti ndimamulemekeza, anatembenuza pulopela ndi dzanja, n'kumva pisitoni ikugwira pamwamba, n'kugamula kuti injini yapindika m'kati ndipo kabuleta yatsekeka. Ine osatsutsa. Ndinayala kansalu pa udzu n'kuyamba kumasula: ekizozi, kabuleta, chivundikiro chakumbuyo, mutu wa silinda. Zonse zinali zoyera, mabering'i opanda dzimbiri. Kugwira kwa pisitoni kuja si matenda ayi. Injini za mtundu wa ABC, za pisitoni ya aluminiyamu yoyenda mu silinda ya brass yokutidwa ndi chrome, zilibe ling'i, ndipo silinda yake amaipanga yothina kumtunda dala kuti ikatentha n'kufutukuka ikwanirane ndi pisitoni. Ikasiya kugwira pamenepo ili yozizira m'pamene muyenera kuda nkhawa.

Pobwezera, kasipuling'i kogwira singano kuti isamazungulire yokha kanathawa m'zala n'kugwera mu udzu. Ndinagwada pamenepo maola awiri, kupapasa tsinde lililonse, ena akuulutsa ndege zawo pamwamba pa mutu wanga, mphepo ili bata ngati yochita kuitanitsa. Ndinakapeza dzuwa litapendeka. Tsiku lathunthu linapita, ndege osanyamuka, vuto lili pomwepo, ndipo tsopano ndinali ndi nkhawa ina yoti mwina chivundikiro chakumbuyo sindinachimange bwino, chiyamba kulowetsa mpweya. Musamasule injini ku bwalo. Musamasule n'komwe musanathane ndi thanki ndi mapaipi.

Ndaiwala kunena za mafuta. Izi ndinachita sabata yoyamba, ndisanafike pa singano. Methanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye botolo likamakhala losatsekedwa bwino mafuta amalowa madzi, injini n'kumavuta makamaka ikamalira pa moto wochepa. Ndinatsegula botolo latsopano, osasintha kanthu. Ndinayesanso kutsina kapaipi kopita ku kabuleta injini ili pa moto wochepa. Ikakwera pang'ono n'kuzima patapita masekondi atatu kapena anayi, singano yaing'ono ili bwino. Ikazima nthawi yomweyo mafuta achepa, ikachedwa kwambiri achuluka. Yanga inakhoza mayeso amenewa, chifukwa ndinkayesa thanki ili yodzaza. Mayeso anga onse ndinkachita thanki ili yodzaza, ndipo apa m'pamene ndinkasocherera.

Ngakhale thankiyo ndinaiyesa, koma mwa theka. Ndinaitulutsa, kutseka mapaipi ena, kuuzira mpweya pa kamodzi ili m'madzi. Thovu silinatuluke, ine n'kunena kuti thanki ilibe mlandu. Mayeso amenewa amangoonetsa ngati thanki ikudontha kunja. Za kapaipi ka m'kati, kamene kali ndi kachitsulo kolemera kumapeto kotchedwa clunk, sakuuzani chilichonse.

Sabata yachitatu ndinathira mafuta theka lokha, mnzanga atagwira ndege, n'kutsegula moto wonse. Pasanathe masekondi khumi timathovu tinayamba kundondozana m'kapaipi kopita ku kabuleta, ngati mikanda pa ulusi. Nditachotsa chitsekero cha thanki n'kukoka kapaipi ka silicone kaja, kang'alu kanayasama pamene kamavalira pa kapaipi ka brass, kamene mlomo wake unali wakuthwa. Thanki ikadzaza, kang'aluko kankamira m'mafuta, ndiye injini inkayamwa bwinobwino. Mafuta akatsika n'kukasiya pamtunda, inkayamba kuyamwa mpweya, ngati mukumwa ndi kapaipi kobooka.

Kukonza kwake sikunathe ndi theka la ola lomwe. Ndinasalaza mlomo wa brass uja, kuika silicone watsopano, kuonetsetsa kuti clunk ikuyenda momasuka osagunda khoma lakumbuyo, n'kukulunga thanki ndi siponji kuti kunjenjemera kusachititse mafuta thovu. Ndinaonanso kapaipi kochokera ku ekizozi kokankhira mpweya m'thanki, komanso kuti pakati pa thanki pakhale pafupifupi mulingo umodzi ndi singano. Singano yaikulu ndinaitseka mosakakamiza n'kuitsegula maulendo awiri ndi theka, kuliza injini, kutseka pang'onopang'ono mpaka liwiro litafika pachimake, kenako kubwezako kuti litsike ndi 200 kapena 300 rpm, popeza m'mwamba mafuta amachepako. Pomaliza tinaloza mphuno ya ndege kumwamba pa moto wonse, ndipo liwiro silinagwe.

Mayeso a mphuno amenewa ndinawabwereza thanki ili theka, kenako itatsala pang'ono kuuma, maso anga ali pa kapaipi kaja kudikira thovu. Silinabwere. Mapulagi awiri aja ndawatulutsa m'bokosi, ndawayesa pa batire, onse akufiira bwinobwino.