Loweruka la chigumu ndi mkangano wa subscribe

Ndalawira m'mamawa kupita ku Chilomoni kwa achemwali anga, chifukwa tinapangana kuti lero tijambule kanema wa chigumu. Khitchini yawo imawala bwino m'mawa wokha, dzuwa likakwera nkhope zimada pa foni. Ntchito tinagawana kalekale: iwo amaphika ndi kulankhula, ine ndimagwira foni ndi kudula kanemayo madzulo.

Ndawapeza atakoleza kale mbaula, ufa wa mgaiwa uli m'beseni, koma nthochi zinali zisanapse bwino. Tisanaganize zochita, mphwanga, mwana wa achemwaliwo, watulukira ndi pepala m'manja. Mnyamatayu ali ku koleji ndipo ndi iyeyo anatsegulira mayi ake tchanelo pa YouTube. Papepalapo analemba mawu oti amayi ake ayambire: "Takulandiraninso okondedwa athu. Tisanapitirire, dinani like, pangani subscribe, musaiwale kabelu kokudziwitsani tikaika kanema watsopano, ndipo sheyani kwa anzanu."

Achemwali awerenga mpaka pansi, n'kumubwezera pepalalo. "Mwanawe, munthu sindinamupatse kanthu, ndiyambe ndi kumupempha? Ine sindinaleredwe choncho."

"Amayi, aliyense amatero," watero iye, n'kutembenukira kwa ine. "Amalume, auzeni."

Kenako wayamba kufotokoza, ndipo zimene wanena ndi zoona. Kuyambira mu 2018, YouTube imafuna kuti tchanelo chikhale ndi anthu 1,000 opanga subscribe, kutanthauza olembetsa kuti azichitsatira, komanso maola 4,000 owoneredwa m'miyezi 12 chisanayambe kulandira ndalama za malonda oikidwa pa makanema. Mu 2023 anatsegula khomo lina laling'ono loyambira pa anthu 500, lothandiza kuti owonera azitha kupereka okha kangachepe. Ndondomekozi sizinatsegulidwe m'mayiko onse, koma mphwanga amayang'ananso kwa eni mabizinesi amene angafune kuti ufa kapena mafuta awo atchulidwe mu kanema, ndipo iwo choyamba amafunsa kuti muli ndi anthu angati. Wawonjezera kuti mu October 2023 eni ake a YouTube analengeza kuti wojambula akatchula like kapena subscribe, batani lake liziwala pa foni ya wowonera. "Ndiye ngati eni akewo akufuna tizipempha, ife tichitirenji manyazi?"

Sindinamuyankhe pomwepo. Ndatenga jumbo kupita kumsika kukafuna nthochi zakupsa, zija za mawangamawanga zimene ogulitsa amatsitsa mtengo, ndipo njira yonse ndimalingalira nkhaniyi.

Ine ndimagwirizana ndi mphwanga pa chinthu chimodzi: wojambula kanema azilankhula ndi munthu amene akuwonera, maso ndi maso, osati kumangoyang'ana mumphika ngati ali yekha. Ndipo kupempha si tchimo. Anthu ambiri amawonera, kusangalala, n'kutseka foni osakumbukira kuti pali batani. Kuwakumbutsa kumathandiza.

Koma nthawi yopemphera ndi imene ikundivuta. Kuno kwathu kanema sawonera ulere. Mayi amene ndagulako nthochi lero anali ndi foni pambali pa lichero, ndipo akafuna kuwonera kanthu amayamba wagula bandulo ya TNM kapena ya Airtel ndi ndalama yomwe akanagulira tomato. Akatsegula kanema wa chigumu amafuna adziwe kuti soda athire wochuluka bwanji. Ngati theka la mphindi loyamba latha pa moni, pa like ndi pa kabelu, ndalama yake yapita pa pempho la munthu wina. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amene tikuwajambulira ndi anthu ngati mayi ameneyu.

Ngakhale makina a YouTube enieniwo sakonda zimenezi. Mu 2012 kampaniyi inasintha kasankhidwe ka makanema owonetsa kwa anthu: inasiya kudalira kuchuluka kwa amene angodina, n'kuyamba kuyang'ana nthawi imene munthu wakhala akuwonera. Munthu akatopa ndi mapempho n'kuthawa poyambirira, kanemayo amatsika, ngakhale wina mmodzi atadina like. Facebook nayo mu December 2017 inalengeza kuti izikankhira pansi zolemba zonyengerera anthu kuti adine, asheye kapena atchule anzawo popanda chifukwa chenicheni. Tonse timazidziwa zolemba zoterezi: "Lembani Amen ngati mukufuna madalitso," "Sheyani ngati mumakonda mayi anu." Zimagwira munthu pa chikhulupiriro chake ndi pa chikondi chake kuti manambala akwere. Ine zimandinyansa, ndipo sindingalole kuti dzina la achemwali liyandikire khalidwe limeneli.

Pobwerera ndadutsa pa kashopu kaja kamene anyamata amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Mnyamata wa pamenepo amatidziwa, ndipo wandiuza kuti kanema wa achemwali wa nkhwani wotendera anamuwona pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo, osati pa YouTube. Apa ndi pomwe ndazindikira chinthu chimene pepala la mphwanga silinaganizire. Makanema athu ambiri amayenda pa WhatsApp ndi kupatsirana foni ndi foni. Kumeneko kulibe kabelu, kulibe subscribe. Wowonera akamva "dinani pansipa" palibe podina. Chimene chingamuthandize ndi kumva dzina la tchanelo likutchulidwa momveka, kuti tsiku lina akagula bandulo akalifufuze.

Nditafika ndapeza mayi ndi mwana akadali osagwirizana, ndiye ndawakumbutsa za agogo kumudzi ku Ntcheu. Madzulo akamatiuza nthano ankayamba ndi "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse." Ankapuma pa chiganizo chilichonse kudikira yankho, ndipo nyimbo ikafika pakati pa nthano tinkavomera tonse. Tikasiya kuyankha ankadziwa kuti tulo tatigwira, nthano n'kuthera pomwepo. Agogo ankafuna mawu athu kuposa wojambula aliyense wa pa intaneti, koma ankawafuna mkati mwa nthano, Kalulu ali pakati pa chiwembu chake, ife mitima ili m'mwamba. Achemwali aseka n'kunena kuti, "Achimwene, zoterozo ndingathe." Mphwanga wati nthano zinalibe manambala, komabe wavomera kuti tiyese.

Tayamba kujambula cha m'ma 9 koloko. Achemwali apereka moni wachidule, atchula dzina la tchanelo, n'kunena kuti lero ndi chigumu cha pambaula. Basi, manja m'beseni. Ndimakonda kuwawonera akamaphika chifukwa amalankhula ndi foni ngati akulankhula ndi mwana amene waima pambali pawo. Akanya nthochi ndi foloko, asakaniza ndi mgaiwa, shuga, kamchere, soda pang'ono ndi mafuta, kenako anyamula mthiko n'kuuyandikitsa ku kamera. "Mwawona mmene ukugwera? Usachite kuyenderera, komanso usalimbe ngati nsima. Ukafika apa, siyani kuthira madzi." Atapaka mafuta m'poto, achotsa makala ambiri m'mbaula n'kuwaika pamwamba pa chivundikiro. "Pansi musiye moto wochepa. Amene chigumu chimakupsererani pansi mkati muli mwauwisi, vuto lanu lili pamenepa."

Kumeneku ndi kulankhula ndi wowonera kumene ine ndimakufuna. Munthu amene chigumu chake chinapserera mlungu watha amamva kuti akunena iyeyo.

Podikira kuti chipse, achemwali akhala pampando n'kufunsa funso lawo. Ati akudziwa kuti ena mwa owonera ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town komwe mbaula ndi mgaiwa wa kuchigayo sizipezeka wamba, ndiye akufuna amve kuti kumeneko amaphika ndi ufa wanji, ndipo mu uvuni chimatenga nthawi yaitali bwanji. "Ine uvuni ndilibe, ndiye ndiphunzitseni, kuti ena akandifunsa ndiwauze zoona." Funso limeneli silinalembedwe papepala. Ndi chinthu chimene akufunadi kudziwa, ndipo munthu akaliyankha, yankho lake lithandiza wina wowerenga ndemanga.

Pa subscribe ndiye tinakanganabe pang'ono. Ine ndimati abwere nayo kumapeto. Mphwanga wati kumapeto anthu ambiri amakhala atachoka kale, ndipo wandiwonetsa pa YouTube Studio, pomwe mwini tchanelo amawonera manambala ake, mzere wosonyeza pomwe owonera amasiyira makanema athu akale. Mzerewo umatsikadi chakudya chikangowoneka kuti chapsa. Mfundo yake ndi yolimba. Tagwirizana kuti pempho likhale limodzi, ndipo libwere pamene akuchotsa makala pa chivundikiro, aliyense akudikira kuwona mmene chatulukira. Achemwali anena motere: "Ngati mwapindulapo kanthu, pangani subscribe, sabata yamawa tiphika futali." Kenako avundukula. Chigumu chinafufuma bwino, chofiirira pamwamba, ndipo fungo lake laitana ana a kunyumba yoyandikana.

Masana magetsi anazima, choncho kudula kanema ndayamba mochedwa. Ndikudikira, ndimawerenga ndemanga pa tchanelo china cha ulimi wa nkhuku chimene ndimatsatira. Mwini wake amamaliza kanema aliyense ndi "siyani ndemanga pansipa," ndipo anthu amasiyadi. Wina analemba kuti anapiye ake akufa, akuwodzera ndi kutsekula m'mimba, achite chiyani. Padutsa miyezi, palibe yankho. Ndinamva chisoni, chifukwa munthuyo anakhulupirira kuti akulankhula ndi munthu mnzake. Ukapempha anthu kuti alankhule, wadzipatsa ngongole yowayankha. Ngati nthawi yoyankha ulibe, kuli bwino osapempha n'komwe. Izi ndawauzanso achemwali, ndipo ati Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi azikhala pansi ndi foni kuyankha mmodzimmodzi, mphwanga aziwathandiza kulemba.

Kanemayo takweza cha m'ma 8 koloko usiku, netiweki itayamba kuyenda bwino. Tisanabalalike panabwera ndemanga ya mayi wina amene ali ku South Africa, akuti iye amasakaniza ufa woyera wa m'shopu ndi fulawa pang'ono kuti chisamayoyoke. Achemwali amuyankha okha, akulemba ndi chala chimodzi, ndipo amufunsa kuti nthochi amathira zingati.

Mphwanga sanagonje. Akuti pa kanema wa futali tiyese njira yake, pempho likhale koyambirira, kenako tifananize mizere iwiriyo. Ine ndavomera kufananiza, chifukwa nanenso ndikufuna kuwona. Achemwali ati subscribe angathe kuitchula koyambirira kamodzi kokha kuti mwana wawo akhutire, koma za kabelu akana. Lolemba ndikagule mbatata ndi nsinjiro, komanso ndifunse pa kashopu kaja ngati chigumu chafika kale pa magulu a WhatsApp.