Wakuba wa m'damu lachitatu

Chaka changa choyamba pa ntchito yofufuza za ulimi wa nsomba, digiri inali isanaume n'komwe inki, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Anandipatsa madamu anayi, lililonse la masikweya mita 200, kuti ndione ngati makumba amakula bwino ndi madeya okha kapena tikamathiranso zitosi za nkhuku m'madzi. Damu lililonse ndinaikamo tiana 600, titatu pa sikweya mita, ndipo ndinawerenga ndekha kamodzikamodzi.

Pamalopo panali mlonda wachikulire amene anayamba kulondera madamuwo ine ndikadali kusewera paduka. Tinasemphana tsiku loyamba lomwe. Ine ndinatulutsa kambale ka Secchi, kamene timamiza pa chingwe poyeza kubiriwira kwa madzi: kakazimiririka cha pa masentimita 30, ndiye kuti ndere zimene nsomba zimadya zakwana. Ndinawauza monyada kuti kambaleka kanatchedwa dzina la wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, amene anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1865. Iwo anangopinda malaya n'kupisa mkono m'madzi mpaka pachigongono.

"Chikhatho sichikuoneka, bwana. Manyowa akwana."

Chingwe changa chinanenanso zomwezo, kungoti patapita mphindi khumi.

Mwezi uliwonse tinkakoka khoka n'kuyeza nsomba pa sikelo. Pofika mwezi wachitatu, khoka la m'damu lachitatu linkabwera lopepuka. Ndinayamba ndi sayansi. Mwina mpweya m'madzi ukuchepa m'bandakucha, paja usiku ndere zimaumwa m'malo moutulutsa. Ndinadzuka 4 koloko masiku asanu otsatizana, osapeza nsomba ngakhale imodzi itatulutsa kamwa pamwamba. Zakufa zoyandama panalibe. Katumbu akadya amasiya zotsala m'mphepete, koma m'mphepete munali mbee.

"Muli mlamba umo, bwana," anatero mlonda uja.

"Madala, damuli tinaphwetsa, tinathira laimu, paipi yolowetsa madzi ili ndi sefa. Mlambawo wabwera pa ndege?"

"Wayenda pansi."

Ndinaseka mpaka misozi. Chochititsa manyazi n'chakuti nkhaniyi ndinailemba pa mayeso, ndipo ndinakhoza. Mlamba, Clarias gariepinus, uli ndi chiwalo m'mutu choulola kupuma mpweya wa kumtunda, ndipo usiku wa mvula umakwawa pa udzu wonyowa podzikankha ndi minga ya zipsepse zake. Ine ndinkangoona ngati umachita zimenezo m'mabuku mokha. Komanso mumtima mlandu ndinali nditagamula kale: munthu wofulumira kuloza wakuba chonchi, masaya ake ali see, ndiwo akuzipeza kuti?

Ndinaganiza zowagwira ndekha. Usiku wina ndinavala chikhoti chakuda ndi jombo, n'kukabisala m'tchire kuseri kwa damu, osauza munthu. Udzudzu unandilandira bwino kwambiri. Kenako mvula. Cha pakati pa usiku ndinamva tswatswatswa m'udzu, kenako phava m'madzi. Ndinati lero ndi lero. Ndinadumpha ngati nyalugwe, phazi n'kutera pa dothi loterera, ndipo chotsatira ndinali khuvu, mutu pansi, m'damu lomwe ndinali nditathiramo zitosi dzulo lake ndi manja angawa. Kukoma kwa madziwo sindifotokoza.

Pofuna kudzuka ndinagwira pansi, dzanja n'kutera pa chinthu choterera, chonenepa ngati mwendo wa mwana. Chinathyapula kamodzi, munga wake n'kundilowa pachikhatho. Kukuwa kwake ndinadzidzimuka nako ndekha.

"Wakuba! Wakuba!" Wisulo inalira, tochi ikubwera chothamanga. Ndisanatsegule pakamwa, chibonga chinali chitandipeza kale paphewa.

"Ndine, madala! Ndine!"

"Ndine ndani? Wakuba aliyense dzina lake ndi Ndine!"

Anandiwalitsa kumaso nthawi yaitali, yaitali kuposa mmene zimafunikira kuti munthu azindikire bwana wake. Ndere zili lende m'makutu, jombo imodzi yatsala m'matope.

"Aa, bwana. Mukuyeza kubiriwira usiku uno? Komatu mwapitirira chigongono."

Titaphwetsa damulo sabata yotsatira tinapeza makumba 211, ndi milamba itatu yonenepa, umodzi wautali ngati mkono wanga, ndevu zili nyang'anyang'a. Mu lipoti ndinalemba mwaulemu kuti zotsatira za damu lachitatu zasokonezedwa ndi nsomba zodya zinzake, ndipo za bandeji ya pa dzanja ndinauza akuluakulu kuti ndi ngozi ya pantchito.

Ndinaiwala kuti mlonda nayenso amalemba lipoti. M'buku lake, limene limawerengedwa Lolemba lililonse pamaso pa onse, munali mzere umodzi wolembedwa mwaluso: "Wakuba wagwidwa m'damu lachitatu, 12:40 usiku. Wamasulidwa chifukwa ndi bwana."