Loweruka ku nazale, tabwera anthu 11 okha

Ogasiti 2025, nyengo ya kampeni ya zisankho. Lero ndadzuka cha mma 5 kuli kamphepo ka Ogasiti kaja kobwera ndi fumbi. Loweruka ndi tsiku lathu la ku nazale, tinapangana kalekale mu komiti ya zachilengedwe kuti aliyense azibwera ndi khasu ndi ndowa tizithira dothi mmachubu, chifukwa tikagona mwezi uno nde kuti nyengo yodzala mitengo ikamadzatsegulidwa pa 15 Disembala mbande zathu zidzakhala zisanakhwime. Buku la maina ndimasunga ndine. Muli anthu 30. Tabwera 11.

Ndinadziwa kale chifukwa chake koma mtima unakanabe, nde ndinapatuka kukadzera kwa alamu anga, ndawapeza akukonza njinga pakhonde. Ndati alamu, simukubwera kodi? Iwo osadzutsa ndi mutu omwe akuti mlamu, ine sindingakathirire mitengo ya chipani cha eni. Mitengo ya chipani! Nsangu ndi mthethe zomwe njere zake tinatola limodzi ine ndi akazi awo mmunda mwa agogo.

Nkhani yake ndi iyi. Masabata awiri apitawo shado wina amene akufuna uphungu anabwera ndi machubu ndi makeni asanu, zinthu zomwe takhala tikuzisowa zaka ziwiri, tinalandira ndi nthungululu ndithu sindinama. Koma anabwera ndi anyamata ake ovala masikipa, pa keni iliyonse anamatapo nkhope yake, anajambula zithunzi nkuponya pa Facebook ngati nazale anayambitsa ndi iye. Kuchokera tsiku limenelo theka la komiti linasiya kubwera. Ndipo mbali inayo nayo sinachedwe, pa msonkhano wawo pa bwalo la mpira analonjeza kuti akalowa palibe amene adzalandidwenso makala pa rodibuloko, anthu mmanja phwaphwaphwa. Nde pano mmudzi muno zagawikana bwinobwino, ukanena za mitengo ndiwe wa uku, ukanena za makala ndiwe wa uko, pomwe tonse timaphikira nkhuni za mphiri limodzi.

Tagwira ntchito mpaka cha mma 10. Madzi nde vuto, kamtsinje kathu kauma kale, tikuchita kufukula mumchenga. Ndili mtsikana madzi ankayenda mpaka Okutobala, tinkachapa pamwala paja pali mkuyu, pano mkuyuwo kulibe mwala uli pa dzuwa. Ndipo tisanamizane, mitengoyi sanadule ndi a chipani chimodzi. Kasungu ndi dziko la fodya, zigafa zimafuna mitengo pafupipafupi, mabalani a fodya wa nkhuni nde ankadya mitengo ya tsamba ndi muwanga usiku ndi usana, bambo anga omwe ankadula. Msuku umene unali kuseri kwa sukulu unathera mu uvuni wa njerwa. Aliyense anadulako, wa nsalu iyi ndi wa nsalu iyo.

Masana ndapita kwa amalume kukasiya ufa. Amalume amawotcha makala, ndipo ine sindiwaweruza, chaka cha 2024 ng'amba inawotcha chimanga mpaka boma linalengeza ngozi mmaboma 23 mwa 28, thumba la feteleza sangaligule, nde munthu adye chani. Ndawafunsa kuti malume, inu mukukhulupiriradi kuti makala adzawamasula? Aseka pang'ono nkuti mphwanga, ndavota kuyambira 1994, ndikudziwa kuti nzabodza koma bola ameneyo akundiona kuti ndilipo, enawo akamanena za chilengedwe amandiona ngati chigawenga. Mawu amenewo andikhala pamtima tsiku lonse. Chifukwa nzoona, ife a mitengo timalankhula ngati owotcha makala ndi adani, pomwe makalawo akukathera mtauni kwa anthu a magetsi mnyumba. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera, koma womangidwa amakhala wonyamula makala pa njinga uja. Wandale akangoona bala lotere amathirapo mchere kuti apeze voti.

Koma pomwe pamandipweteka kwambiri ndi pa njovu. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kudzazisiya mu paki yathuyi ya Kasungu, ndipo ife okhala mmalire tikudziwa zomwe zakhala zikuchitika, minda kudyedwa usiku umodzi, nkhokwe kugumulidwa, maliro tinayika. Imeneyi inali nkhani yoti mudzi onse uyankhule ndi pakamwa pamodzi, za mpanda, za chipepeso, za kuti alonda azifika msanga tikaimba foni. Koma ayi. Otsutsa akuti njovu ndi za boma ili, akaitchula nkhaniyi amaitchula mokondwa ngati apeza chibonga. A mbali yolamula nawo, ngakhale amene chinangwa chawo chinazulidwa, pagulu amangoti zii kuopa kuoneka ngati agulitsa chipani. Mayi ena a mpingo wathu anandinong'oneza kuti ndisawatchule pa nkhani ya munda wawo mpaka mavoti adutse. Munthu wagona ndi njala koma akuopa kudandaula mokweza, zimenezi zimandiliza ine.

Majumbo opyapyala aja nawonso, analetsa mu 2015, makampani anathamangira ku khoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chikhalepo, maboma asinthana koma pa msika lero ndagula tomato andiikira mu jumbo yomweyo.

Madzulo mwana wa achemwali amene ali ku sekondale amandionetsa pa foni kuti si kuno kokha. Ku America dziko lonse limalowa ndi kutuluka mu pangano la Paris la za nyengo kutengera amene wawina, Trump anatulutsa, Biden anabwezera mu 2021, Trump wabwera watulutsanso Januwale 2025. Ndamuuza kuti iwowo mwina ali ndi pothawira. Ife namondwe wa Freddy anatiphera anthu opitirira 1,000 kummwera mu 2023, ndipo kuno mvula ikadula masabata atatu mu Januwale basi chaka chapita.

Ndisanalowe mnyumba ndadzera kwa amfumu. Ndawapempha kuti aitanitse anthu Lachiwiri anene okha ndi pakamwa pawo kuti nazale ndi ya mudzi, malo anapereka ndi iwo, ndipo wandale aliyense wofuna kuthandiza azisiya katundu kwa iwo osati kubwera ndi masikipa. Avomera koma akuti mwana wanga, mwezi uno ngakhale ine ndikatsokomola anthu amafunsa kuti ndatsokomolera chipani chiti. Kwatsala mwezi kuti tikavote pa 16 Seputembala 2025, mbande sizingadikire mpaka pamenepo.

Makeni asanu aja ndabwera nawo kunyumba. Ndawaviika mmadzi ofunda, ndakhala pa mkeka ndi mpeni ndikupala zomata zija imodzi imodzi, zinayi zachoka, yachisanu yakanirira ndiipitiriza mmawa. Machubu osathira atsala mwina 400. Mawa tikaweruka ku tchalitchi nditenga keni imodzi yoyera ndikaisiye kwa akazi a alamu, ndione ngati abwere nayo Lachiwiri.