Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Chaka chimene achemwali anadwala

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinayamba ntchito pa kafukufuku wa khansa ya khomo la chiberekero. Ntchito yanga inali ya pa kompyuta chabe: mafomu akachoka kwa anamwino, ine ndinkalowetsa manambala. Koma ukamakhala pakati pa madokotala tsiku ndi tsiku, makutu amatola zambiri.

Kumeneko ndi komwe ndinamvera za Harald zur Hausen wa ku Germany, amene mu 1983 ndi 1984 anapeza mitundu ya kachilombo ka HPV 16 ndi 18 m'zotupa za khomo la chiberekero, anzake ambiri akadaganizabe kuti khansayi imayamba ndi kachilombo ka herpes. Mitundu iwiriyi imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse odwala khansa imeneyi. Katemera wa HPV anavomerezedwa mu 2006, ndipo mu 2022 akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anati jakisoni mmodzi yekha atha kuteteza mtsikana, potengera kafukufuku wa ku Kenya ndi kwina. Pantchito tinkayankhula monyadira ndithu, ngakhale chaka chomwecho amayi pafupifupi 350,000 anamwalira nayo padziko lonse, ambiri a iwo m'mayiko osauka. Njira yopewera ilipo, koma sikufika kwa onse.

Achemwali anga aakulu anali m'gulu la amene inawafikira. Sankajomba kukaunikitsa khomo la chiberekero, ndipo nthawi zonse ankawauza kuti zili bwino. Ndiye mimba itayamba kufufuma, palibe amene anaganizako za khansa. Akadya pang'ono ankati akhuta, usiku ankadzuka pafupipafupi kukataya madzi. Siketi inasiya kukwana m'chiuno, mpaka ankaigwiriza ndi pini, koma manja ndi nkhope zikuonda. Anamwa mankhwala a zilonda za m'mimba kwa miyezi. Sikani ndiyo inadzaonetsa madzi odzaza m'mimba ndi chotupa pa thumba la mazira. Inali khansa ya thumba la mazira, ndipo inali itafika kale siteji 3, kutanthauza kuti inali itafalikira.

"Adokotala, nanga kuunika konse kuja kunali kwa chiyani?" anafunsa achemwali.

"Mayi, kuja timaona khomo lokha. Thumba la mazira lili mkati kwambiri, sitilifikira."

Ndinayamba kufunsa madokotala a kuntchito, ndipo zimene ndinamva zinandifoola nkhongono. Ku UK anachita kafukufuku wotchedwa UKCTOCS pa amayi opitirira 200,000, wofuna kuona ngati kuyeza kungachepetse imfa za khansa ya thumba la mazira. Ena ankawayeza magazi chaka ndi chaka kuti aone mlingo wa CA-125, chizindikiro cha m'magazi chimene chimatha kukwera mayi akakhala ndi khansayi, ena ankawajambula, ena osawayeza n'komwe. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti kuyeza magaziko kunathandiza kupeza khansayi msangako mwa amayi ena, koma imfa sizinachepe. Ine ndimaulemekeza kafukufuku ameneyu, chifukwa pamafunika mtima kulengeza kuti ntchito ya zaka zambiri chonchi sinabweretse zimene munkayembekezera.

Chimodzi mwa zovuta n'chakuti khansa yoopsa kwambiri ya mtunduwu nthawi zambiri imayambira kunsonga kwa machubu odutsa mazira, n'kumwazikira m'mimba ikadali yaing'ono kwambiri. N'chifukwa chake madokotala ena masiku ano amachotseratu machubuwo mayi akamachitidwa opaleshoni ina atamaliza kubereka. Palinso mankhwala a olaparib, ovomerezedwa mu 2014, amene amathandiza makamaka odwala omwe majini awo a BRCA1 kapena BRCA2 ali ndi vuto. Koma ndi odula koopsa, ndipo ife tinkangowamva dzina.

Achemwali anachitidwa opaleshoni, kenako anayamba kulandira mankhwala a khansa a carboplatin ndi paclitaxel pa diripi. Tsitsi litayamba kutsalira papilo, anandiuza kuti ndiwamete lonse. Ndili mkati mometa ndi pomwe ananena kuti, "Iwe, paja azakhali aja anamwalira ndi khansa ya bere asanakwane zaka 50. Adokotala akuti izi zimayenda m'magazi, nawenso ukayezetse BRCA." Sindinawayankhe tsiku limenelo. Mmene ndinadzafikira pa ganizo langa ndifotokoza m'gawo lotsatira.