Mivi ithithikane kaye, pakati pa chandamale mudzafikapo

Wophunzira uta aliyense amafunitsitsa kulasa pakati penipeni pa chandamale tsiku loyamba lomwe. Chofunika kuyang'ana ndi china: mwaponya mivi 6, kodi yagwera pamodzi? Ikathithikana, ngakhale m'mphepete mwa chandamale, ndiye kuti thupi lanu likuchita chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo kusunthira pakati ndi ntchito yochepa. Muvi umodzi pakati inayo ili balala, umenewo ndi mwayi chabe.

Yambani ndi diso. Tambasulani manja, zikhatho zipange kabowo, muyang'ane chinthu chakutali kudzera pamenepo maso onse ali otsegula. Tsinzinani lamanzere. Chinthucho chikaonekabe m'kabowomo, diso lanu lotsogolera ndi lamanja, choncho uta muzigwira kumanzere n'kumakoka nsinga ndi dzanja lamanja. Zonse zili m'munsimu zikunena munthu wotere, amanzere atembenuze.

Uta wolimba kwambiri ndiwo umaononga ophunzira ambiri, makamaka abambo ofuna kuonetsa nyonga. Kulimba kwa uta kumayezedwa m'mapaundi a mphamvu yofunika poukoka: alenje amasaka ndi uta wa mapaundi 40 kupita m'tsogolo, koma wophunzirira ukhale wa mapaundi 20 mpaka 25. Ngati simungaukoke mpaka kumaso n'kuugwira masekondi 10 osanjenjemera, wakukulirani. Utali wa kukoka kwanu muupeze chonchi: yezani kuchoka kunsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kufika kwa linzake mutatambasula manja, mugawe ndi 2.5. Wopeza masentimita 170 amakoka pafupifupi masentimita 68. Muvi uzipitirira pamenepo ndi masentimita 3 mpaka 5, chifukwa waufupi umatha kugwa pa uta n'kukubayani dzanja.

Imani chammbali, phewa lamanzere litaloza chandamale, mapazi atatalikirana ngati mapewa. Lembani mzere pansi kuti mawa mudzaime pomwepo.

Uta si khasu, musaufumbate. Chogwirira chitsamire pamnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, zala zinazo zili lende. Mukafumbata, dzanja limapotoza uta panthawi yomwe muvi ukuchoka, ndipo mivi imamwazikira kumanja ndi kumanzere popanda dongosolo. Woopa kuti uta ugwa amange kachingwe kuchoka kuchala chachikulu kuzungulira uta kufika kuchala chamkombaphala. Chigongono chiloze kunja. Chikaloza pansi, nsinga imakwapula mkono mpaka kutupa, ndipo munthu wokwapulidwa kawiri amayamba kudzidzimuka asanaponye.

Pamene pagona nkhani yonse ndi pofikitsa dzanja lokoka. Kolani nsinga pamfundo yoyamba ya zala zitatu, chimodzi pamwamba pa muvi, ziwiri pansi. Kokani mpaka nsonga ya chala chamkombaphala ikhudze ngodya ya pakamwa, malo omwewo muvi uliwonse. Dzanja likatsika pang'ono chabe, muvi umakwera. Likapanda kufika kumaso, uta sunakokedwe mokwanira ndipo muvi umagwera pansi. Nsinga ndiyo ibwere kumaso, mutu usaitsatire. Mphamvu yokokera ichokere kumsana, ngati mukufuna kuti mafupa a mapewa akumane kumbuyo. Poponya musatambasule zala mwadala, ingozifewetsani nsinga idzichotse yokha, dzanja libwerere cha kukhutu. Mukaikudzula motalikitsa dzanja ndi tsaya, muvi umathawira kumanzere. Ndipo dzanja la uta likhalebe m'mwamba mpaka mumve muvi ukugunda chandamale. Chidwi chofuna kuona pomwe walasa chimatsitsa dzanja msanga, muvi n'kutsika nalo.

Chandamale chotsika mtengo ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 lotsenderedwa zolimba ndi majumbo akale kapena zigamba za kwa telala, mabatani ndi zipi mutachotsa. Kumbuyo kwake kukhale chulu kapena mtunda wadothi. Kuno ku Mzuzu zitunda sizisowa, koma m'malo othithikana ngati Chibavi ndi Masasa musayese n'komwe, pakuti muvi wophonya umauluka mamita oposa 100 ndipo mpanda wa udzu suungauimitse. Yambirani pa mamita 5 popanda cholembedwa chilichonse pathumbapo. Mukazolowera, matani pepala lozungulira kukula ngati mbale ya nsima, mubwerere pa mamita 10. Musapite pa 15 kapena 20 mivi yonse 6 isanayambe kulowa m'pepalamo kangapo motsatizana. Mivi 30 patsiku, masiku anayi pasabata, imaphunzitsa kuposa 150 ya Loweruka lokha, chifukwa mkono ukatopa umazolowera zolakwika.

Mivi ikayamba kuthithikana, mpamene mungaimbe mlandu zida. Yonse ikhale yofanana utali, kulemera ndi kulimba; ya bango yosemedwa pamanja muiyeze pasikelo, muigubuduze patebulo kuti muone yokhota. Ikani chizindikiro pansinga, mamilimita 6 mpaka 10 pamwamba pa mzere wowongoka wochokera pogonera muvi, kuti muvi uzikola pamodzimodzi. Kenaka ponyani muvi wopanda nthenga pamodzi ndi ya nthenga pa mamita 10. Ukagwera kumanzere kwa inzake, mivi yanu ndi yolimba kuposa uta: ikani nsonga yolemerapo. Ukagwera kumanja, ndi yofewa: nsonga ipepuke kapena muifupikitse pang'ono. Ukagwera pamwamba, kwezani chizindikiro chija, pansi, chitsitseni. Ngati uta wanu uli ndi cholozera, kachipangizo koyang'anira polasa, chisunthireni komwe mivi ikugwera. Musaponye nsinga popanda muvi, uta umatha kusweka m'manja.

Chinyezi cha kuno chimavuta. Nthenga zikanyowa ndi mvula yowaza ija zimagona, muvi n'kumayenda mopepesuka. Zikauma, zionetseni kunthunzi ya ketulo, zimadzukanso. Nsinga muzipaka phula la njuchi n'kulitikita ndi zala mpaka lilowe. Uta wamtengo muziumasula nsinga mukamaliza, usagone panja kapena pafupi ndi mbaula. M'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba, phunzirani m'mamawa mphepo isanadzuke, mutatenthetsa mapewa.

Kutchire kulibe mzere wolembedwa, ndiye zolowerani kuyeza mtunda ndi maso: lozani mtengo, nenani mamita, muwerenge mapazi kuti mudzitsutse. Yesaninso mutagwada. Nsonga zakuthwa zosakira zimauluka mosiyana ndi zophunzirira chifukwa mapeni ake amagwira mphepo, choncho ziyeseni padera.

Za lamulo musazitenge mopepuka. Ku Nyika, ku Vwaza ndi m'nkhalango zotetezedwa ngati Kaning'ina kusaka n'koletsedwa, ndipo lamulo la nyama zakutchire litasinthidwa mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chimafika zaka 30 kundende. Musanaganize zoloza nyama iliyonse, kafunseni za chilolezo ku Dipatimenti yoona za malo osungira nyama zakutchire. Mukachipeza, lasani nyama yoima chammbali yokha, kuseri kwa mwendo wakutsogolo komwe kuli mapapo ndi mtima, pamtunda umene simuphonyapo pepala lija. Kwa wophunzira wa chaka choyamba, mtunda umenewo kawirikawiri sufika mamita 20.